Nyemba zophikira m'dengu

Nditabwerera kwathu ku Dedza, nditamaliza maphunziro ku Zomba, ndinkadziyesa katswiri wa nyemba. Zaka zinayi ndikuziphika pa hotipuleti m'kachipinda ka lendi ku Chikanda, ndani akanandiuza kanthu?

Lachisanu lina mu Julayi ndinatereka nyemba pa mbaula 9 koloko m'mawa, nkhani ya kasitomala ikufunika pofika 1 koloko. Ndiye ndinkati ndikalemba ndime imodzi, ndathamangira kukhitchini kukathira madzi. Ndikalemba ina, makala atha, ndikuwonjezera. 1 koloko inakwana nyemba zikadali gwa, nkhani ili theka. Ndinatumiza 4 koloko, ndipo kasitomala uja sanandipatsenso ntchito. Azakhali, omwe ndimakhala nawo pa Boma, anangoseka: "Iwe, nyemba za kuno sizimva changu."

Ankanena zoona, ndipo chifukwa chake ndi mapiriwa. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mukamakwera, mpweya umapepuka, ndipo madzi amayamba kuwira asanatenthe kwenikweni. Ku Nsanje madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Kuno amawira pa 95. Poto amaoneka kuti akubwata ndithu, koma kutentha kwake n'kochepa, ndipo ngakhale mukupize moto bwanji, madzi owira sapitirira pamenepo. Mumangotha makala. Kusiyana kwa madigiri 5 kumaoneka kochepa, koma kwa nyemba zouma ndi nthawi yambiri ndithu. Zikakhalanso zogonera, za chaka chatha, ndiye basi, khalani pansi.

Choyamba chomwe ndinasintha ndi kuviika. Ndisanagone ndimasankha nyemba, kuzitsuka, n'kuzisiya m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa ndimataya madziwo n'kuthira ena. Azakhali anatsutsa tsiku lomwelo. "Nyemba zoviika zimasasa, mwana iwe, komanso msuzi wake sugwira." Ndinawayankha kuti, "Azakhali, zimenezo munaziona ku Salima kotentha, kuno madzi a m'ndowa amachita kuluma zala." Pa kusasa ndinapambana ine: kuzizira kwa kuno kumazisunga bwinobwino mpaka m'mawa, kungoti mu Okutobala musaziviike kupitirira usiku umodzi. Pa msuzi anapambana iwo, umakhaladi wopepukirako. Ndimangotapa nyemba chipande chimodzi, kuzinyenya, n'kuzibwezera mu poto.

Koma chimene chinandibwezera m'mawa wanga ndi dengu. Inde, dengu lomwe azakhali amagulira kachewere kumsika.

Ndimachita chonchi. Pansi pa dengu ndimayala bulangete lakale, lopinda kangapo. Nyemba zoviika zija ndimaziwiritsa pamoto wamphamvu kwa mphindi 30, madzi atazimiza bwino. Kenako, zikadabwata, ndimavindikira zolimba, kuphula poto, kumukulunga m'chitenje, kumukhazika m'dengu, n'kufunditsa bulangete mbali zonse ndi pamwamba. Mpata uliwonse ndimatsekamo zovala zakale. Ndiye ndimachoka. Pakatha maola anayi ndimapeza poto akadali wotentha moti sungamugwire ndi manja, nyemba zafewa zokha.

Palibe zamatsenga apa. Chomwe chimaphika ndi kutentha, ndipo pa mbaula kutentha kwambiri kumangothawira mumphepo, makamaka mphepo ya Juni yotsika m'phiri la Dedza. Bulangete limangotsekera kutenthako mu poto. Nzeruyi si yanga ayi. Ku South Africa mayi wina, Sarah Collins, anayamba kupanga chikwama chotere chotchedwa Wonderbag mu 2008, nthawi yomwe magetsi ankazimazima kumeneko. Chake n'chosokedwa bwino, chokongola pa Instagram. Changa ndi dengu la kachewere, koma ntchito ndi imodzimodzi.

Mwina mwaona kale kuti njira iyi sifupikitsa nthawi yophika. Maola anayi ndi theka ndi ambiri kuposa a pa mbaula. Chomwe chafupika ndi nthawi yanga yoima pambali pa poto: kuchoka pa m'mawa wonse kufika pa theka la ola. Kale ndinkaganiza kuti vuto ndi nyemba kuchedwa kupsa. Vuto lenileni linali loti zinkandigwira ukaidi, mphindi 20 zilizonse kukasuzumira. M'dengu madzi saphwa, nyemba sizipserera, mwana sangapse ndi moto. Mungathe kupita kumsika, kulemba, ngakhale kukwera minibasi kukagula zinthu ku Lizulu n'kubwera.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindichita nazo masewera. Choyamba, mphindi zowiritsa zija musazidule. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amatha pokhapokha zikabwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Kuno kumtunda, komwe madzi amawira asanatenthetse, ine ndimapita dala mpaka 30. Chachiwiri, musamatsegule kuti muone ngati zapsa, kutentha kumathawa. Ndipo mukaiwala poto m'dengu mpaka atangofunda, dziwani kuti chakudya chofunda ndiye chimene majeremusi amakonda. Sindidutsitsa maola asanu, ndipo ndikatulutsa ndimawiritsanso ndisanadye.

Kuwiritsanso kumeneko ndi nthawi yomweyo yokazingira anyezi ndi matimati. Matimati amalowa kumapeto basi. Mukawaika poyamba, kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba ndipo mudikira mpaka madzulo. Za soda ndikudziwa, ambiri timatsinako pang'ono kuti zifewe msanga. Zimafewadi, koma soda amawononga ena mwa mavitamini a m'nyembamo, ndipo kakomedwe kake kamakhala ngati ka sopo. Soda ndi chidulo tizisiyire therere.

Mnzanga wina wa ku Lilongwe anandilembera kuti ndingogula pressure cooker. Akunena zoona: poto ameneyu amatsekera nthunzi mkati, madzi n'kutentha kupitirira madigiri 100, choncho vuto la mapiri limatheratu. Tsiku lina ndidzagula. Pakadali pano ndalama yake ikupikisana ndi bandulo ya intaneti, ndipo bandulo ndi imene imandidyetsa.

Zina zonse n'zazing'ono. Mbaula ikayaka m'mawa, makala otsala nditaphula nyemba ndimawiritsira madzi n'kuwathira mu fulasiki. Masana madzi a nsima amayambira pamenepo. Mpiru ndimadula nyemba zikuwira. Mpunga nawonso umapsa bwino m'dengu, ukangowira mphindi zisanu, koma nsima ayi, imeneyo imafuna mthiko ndi dzanja.

Azakhali sanavomerebe poyera. Amati nyemba zenizeni ndi za mumphika wadothi, pa mafuwa, ndipo pa kakomedwe sindingawatsutse. Koma Lamlungu lapitali, tikukonzekera kupita kutchalitchi, ndinawapeza akukulunga poto m'chitenje chawo.

"Azakhali, mukutani?"

"Ndikuona ngati zako zija n'zoona. Tabweretsa bulangete."

Usiku wa tsiku limenelo kunazizira kwambiri, moti bulangete lomwelo ndinafunda ine. Likununkhirabe nyemba mpaka pano.