Kwa ana a m'tsinde mwa phiri ofuna uinjiniya wa makemikolo

Ana inu a pa Boma pano, a ku Chitakale, ku Chisitu ndi ku Limbuli, senderani pafupi. Nanu makolo musachoke, paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ambiri mwa ana athu akulakalaka uinjiniya wa makemikolo, ndipo sukulu yake ili pakhomo pompa, ku Ndata m'boma la Thyolo, komwe yunivesite ya MUST idayamba kulandira ophunzira mu 2014. Digiri yake ndi ya zaka zisanu.

M'mera mpoyamba. Ulendo wa ku Ndata umayambira mu Fomu 3, tsiku lomwe mwana akusankha zoti adzalembe pa MSCE. Wothawa Physics kapena Chemistry chifukwa choti mnzake wamuopseza, wadzitsekera yekha chitseko. A NCHE posankha amafuna makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa digiri imeneyi Masamu, Physics ndi Chemistry ziyenera kuoneka bwino. Zotsatira zikatuluka, misozi siikonza kanthu.

Mukakafika kumeneko mukapeza makosi okakamiza, amene mwana aliyense ayenera kudutsamo, afune asafune. Ena amadandaula kuti masamu achuluka, kuti thermodynamics ndi heat transfer n'zongozunza anthu. Amene akutero apite akaime m'fakitale ya tiyi ku Lujeri kapena ku Esperanza. Tsamba limafika lobiriwira, magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ali madzi okhaokha. Amaliyala kuti lifote, mafani akulipemerera usiku wonse, kenako makina amalidula ndi kulipota, limafiira, n'kulowa m'choumitsira chotenthetsedwa ndi nkhuni za bulugamu. Makilogalamu anayi kapena asanu a tsamba amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi. Madzi enawo apita kuti? Atenga nkhuni zingati kuti achoke? Moto ukapitirira tiyi amapserera, ukachepa amachita nkhungu m'thumba asanafike kumsika wa ku Limbe. Yankho la mafunso amenewa lili m'makosi omwe aja mukuwadawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wapirira masamu a chaka chachiwiri ndiye adzaone fakitale yonse m'mutu mwake ngati chikhatho chake. Wojomba m'kalasi amayamba ndi sapu, mapeto ake kuwidedwa, ngongole ya sukulu ili pamutu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zaka zomaliza, pamene mwana amapatsidwa mpata wosankha yekha, kaya kosi yoonjezera, kaya mutu wa pulojekiti, kaya malo a atachimenti. Apa mpamene khalidwe limaonekera. Wina amasankha kosi chifukwa wamva kuti mphunzitsi wake saumira malikisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: malikisi adzakhala okongola papepala, koma tsiku la intavyu adzasowa chonena. Wina amatola apa pang'ono, apo pang'ono, za migodi, za chakudya, za mafuta, kuopa kutsalira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ine ndikuti posankha yang'anani kumene mwachokera. Chinanazi cha kuno chimaolera m'mbali mwa msewu nyengo yake ikafika, pamene juwisi wa m'masitolo athu wambiri ndi wochokera kunja. Mwana amene watsata za kakonzedwe ka chakudya ali ndi ntchito yomudikira. Madzi otsika m'phirimu ndi okoma, koma kolera wa mu 2022 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 zidatiphunzitsa kuti wodziwa kusefa madzi ndi kuyeza kolorini ndi wopulumutsa miyoyo. Pa Lichenya pali bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, wodziwika kuyambira 1924. Ngati nkhani yokumba idzabukanso, ndikadakonda kuti pabwalopo padzakhale mwana wa kuno wodziwa kuchuluka kwa magetsi ofunika, ndi komwe matope ofiira otsala adzatayidwe, kuti asadzatipusitse ndi Chingerezi pamene mitsinje ya Likhubula ndi Ruo ili pachiswe. Wokonda za mafuta, ku Chikwawa a PressCane amatcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe.

Sankhani njira imodzi, makosi anu, pulojekiti ndi atachimenti ziloze komweko. Ndipo musasankhe nokha m'chipinda chogona. Safunsa adadya phula. Pa tchuthi chikubwerachi pitani kufakitale kapena ku ofesi ya zamadzi, mupemphe mwaulemu kuonana ndi injiniya wa pamenepo, mumufunse kosi yomwe amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi yomwe amanong'oneza bondo kuti sadaitenge. Makolo, mwana akakupemphani ndalama ya kabaza ya ulendo umenewu, musamumane.