Thabwa Lililonse Lidziwike Kumene Lachokera

Munthu woyenda pa msewu wochoka ku Thyolo kupita ku Masambanjati amaona zinthu ziwiri: minda ya tiyi yobiriwira ndi mapiri ometedwa mpala. Nkhalango ya pa Phiri la Thyolo inagwa m'zaka za m'ma 1990, anthu atalowamo ndi nkhwangwa ndi makasu. Njala ya malo m'bomali ndi yoona, ndipo palibe angaikane. Koma matabwa sanadyedwe ndi nsima kumudzi, anakwera malole.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Alonda a zankhalango amagwira mnyamata wosenza thabwa limodzi pamutu, pamene lole yodzaza mbawa imadutsa usiku pa chipata cha apolisi n'kukatsitsa katundu ku Limbe. Thabwalo likafika kwa kalipentala, palibenso wofunsa kuti mtengo wake unali pati. Bulugama wodulidwa mwachilolezo ndi bulugama wobedwa amafanana nkhope.

Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, lilipo. Chosowa ndi kalondolondo woonekera poyera. Mtengo uliwonse wodulidwa ulembedwe nambala pa chitsa ndi pa chipika chake. Nambala yomweyo ioneke pa chiphaso chonyamulira ndi pa lisiti ya wogulitsa. Ndipo mayina a onse opatsidwa ziphaso akhomedwe pa ofesi ya zankhalango ndi pa bwalo la mfumu, kuti mayi wotunga madzi akamva kulira kwa macheka adziwe ngati wochekayo ali m'kaundula. Chiphaso chobisidwa m'kabati ndicho chimabala ziphuphu.

Eni minda ya tiyi, amene amadzala bulugama wawo woumitsira tiyi, amadziwa kale kuwerenga mitengo. Aonetse nawo poyera nkhuni zomwe amadula ndi zomwe amagula. Boma nalonso lisagule desiki kapena chitseko cha sukulu popanda umboni wa kumene thabwa lake linachokera.

Ena adzati mapepala ndi otopetsa. Akafunse ku Mulanje. Mkungudza unatchedwa mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonselo. Ndipo mu 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula pa mapiri a kumwera, matope anatsikira pa nyumba za anthu amene sanagulitsepo ngakhale thabwa limodzi.