Zilembo zonenepa zobwereka

Zilembo zonenepa zimene anthu amakopera pa intaneti n'kumata pa Instagram si zilembo wamba. Ndi zizindikiro za masamu zomwe bungwe la Unicode linawonjezera mu 2001, n'chifukwa chake foni yomwe ilibe font yake imangoonetsa timabokosi. Pulogalamu yowerengera anthu osaona imazitchula ngati masamu kapena kungozidumpha. Chilembo ŵ mulibemo, moti dzina la Malaŵi limatuluka ndi kachilembo kamodzi koonda pakati pa zonenepa. Ena amati Instagram ilibe batani lonenepetsera mawu, ndiye atani? N'zoona, koma kwa ochita malonda, mtengo wa katundu ukaoneka ngati timabokosi kasitomala amangodutsa. Pa WhatsApp vutoli kulibe: mukaika mawu pakati pa nyenyezi ziwiri, foni iliyonse imawanenepetsa yokha.