Khungu Nalonso Limakwela Basi

Pa Intercity m'mamawa mumaona zonse zimene munthu wa mu Lusaka amati n'zofunika pa ulendo: tiketi, caja ya foni, mabando okwanila, saka ya unga, shuga na saladi zokapatsa acibululu kumudzi. Cisote, botolo ya madzi na malaya a manja aatali sizioneka kawili-kawili. Koma khungu ndilo limakumana na dzuwa, fumbi, mphepo na bulangeti ya eni ake pa maola onse amene tili panjila. Ise tikuti kusamalila khungu pa ulendo ni nkhani ya thanzi, ya amuna na akazi omwe, ndipo mbali yaikulu ya nchitoyi siifuna ndalama. Tikutinso cinthu coopsa kwambili m'zola za anzathu ambili ni kilimu yoyeletsa khungu.

Tengani ulendo wa ku Chipata. Ni makilomita oposa 550 pa Great East Road. Lusaka ili pamalo okwela, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcele, conco mumanyamuka kukali kozizilako. Mukapitilila Chongwe na Rufunsa, msewu umatsetseleka mpaka pa Luangwa Bridge, pamene mu October kumatentha monga mu uvuni. Mukatelo mukwelanso kupita ku Nyimba, Petauke, Sinda na Katete. Pa tsiku limodzi cabe khungu limapita m'mphepo, m'thukuta na m'fumbi. Mu June na July mpweya umauma kwambili, milomo imang'ambika, miyendo imatuwa mbuu. Amene amapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August adziwa mmene mphepo ya mweziwo imathilila fumbi kumaso.

Ambili tinakula tikumva kuti khungu lakuda silipsa na dzuwa. Muli coonadi pang'ono m'mau amenewa. Melanin, imene imapatsa khungu lathu mtundu wake, imachingako mbali ina ya ceza coopsa ca dzuwa cochedwa UV. Koma siichinga conse. Khungu lakuda nalonso limapsa, limasupuka, ndipo pamene panali ciphuphu pamasala banga lakuda limene limadelatu likawombedwa na dzuwa. Galasi ya windo ya basi imachinga kwambili ceza ca UVB, koma ca UVA, cimene cimalowa mozama na kukalambitsa khungu, cimapitako ndithu. Mwina munaonapo madalaivala ena amene dzanja lawo la ku windo ni lakuda kuposa linzake.

Conco kusamala kumayambila pa kusankha mpando. Mukapita kum'mwela, ku Livingstone, dzuwa la m'mawa limawomba mbali ya kumanzele ya basi, la madzulo kumanja. Mukapita kumpoto, ku Kabwe na ku Kopala, la m'mawa lili kumanja. Pa msewu wa ku Chipata m'miyezi yozizila, dzuwa limapendekela kumpoto, ndiye kuti a kumanzele ndiwo amawauka. Ceza cake cimakhala camphamvu kwambili kuyambila ca m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ngakhale kunja kukuzizila kapena kuli mitambo.

Citetezo coyamba ni nsalu. Malaya a thonje a manja aatali, cisote ca mlomo waukulu, ambulela, na citenge cimene mungapacike pa windo ngati basi ilibe makatani. Kapu imachinga mphumi cabe, makutu na khosi zimasala pamtetete. Amene angakwanitse agule sunscreen ya SPF 30 kapena kuposelapo, na kudzolanso pakapita maola awili alionse ngati ali padzuwa kapena akucita thukuta. Vaseline na gilisalini n'zabwino poletsa khungu kuuma, koma sizichinga dzuwa ngakhale pang'ono. Zimagwila bwino nchito mukazidzola mutangosamba, thupi likali lonyowako. Kupaka mafuta pamwamba pa fumbi na thukuta la tsiku lonse kumangomata dothi pakhungu. Mukafika, yambani mwasamba na sopo wamba na madzi ofunda pang'ono, osati otentha kwambili, ndipo musakwecese nkhope monga mukutsuka poto.

Ena adzati izi ni za anthu a ndalama, ndipo ambuye athu anali kuyenda mitunda pansi alibe botolo iliyonse. N'zoona kuti sunscreen ni yodula, ndipo wa nchito ya pisiweki sangaiike patsogolo pa unga. Koma kumbukilani mmene akulu-akulu anali kuyendela. Anali kulawila m'bandakuca, kupumula pansi pa mtengo dzuwa likafika pamutu, kumanga duku kapena kuvala cisote ca mlaza, na kudzola mafuta a nsatsi. Anali kusamala khungu mwa njila yawo. Ise timakhala maola ambili pa windo, mapewa ali poyela, basi osaima pamthunzi. Zimene iwo anali kucita tingazicite lelo popanda kulipila ngwee.

Manje tifike pa nkhani imene ambili saifuna. Maholide a December akayandikila, kapena cikwati ca kumudzi, ena a ise amayamba kudzola makilimu oyeletsa khungu kuti akafika anthu akati tauni yamuyanja. Si akazi okha, anyamata nawonso alimo. Makilimu ambili otele amakhala na hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol na betamethasone. Hydroquinone imaletsa khungu kupanga melanin, imene ndiyo cishango cathu ca cibadwa, ndipo ikadzoledwa kwa nthawi yaitali imasiya mabanga akuda bii m'masaya ovuta kucotsa. Steroid imapepula khungu, imabweletsa mizele, ziphuphu na mitsempha yoonekela, ndipo cilonda cimacedwa kupola. Mercury imalowa m'thupi na kuwononga impso na ubongo, ndipo kwa mayi wapakati imafika na kwa mwana. Munthu amene wacotsa cishango cake, ndiyeno n'kukhala pa windo kucoka ku Lusaka mpaka ku Nakonde, wapeleka khungu lake ku moto.

Sitikunena izi kuti tiseke aliyense. Amene amaseka zala zakuda na nkhope yofiila ni omwe aja amene dzulo anali kutamanda oyela okha m'nyimbo na pa Facebook. Mlandu uli pa ise tonse. Kwa amene wadzola steroid kwa miyezi yambili, kuleka mwadzidzidzi kungacititse khungu kufiila na kuyabwa koopsa, conco apite ku kiliniki akamuthandize kuleka pang'ono-pang'ono. Steroid ni mankhwala, ofunika kulembedwa na dokotala na kugulidwa mu famasi yovomelezedwa na ZAMRA. Cubu yogulitsidwa pa windo ya basi pamodzi na mabisiketi na ma earphone siyenela kufika pa nkhope panu.

Pali anzathu ena amene kwa iwo dzuwa ni nkhani ya moyo na imfa. Anthu acialubino ali na melanin yocepa kwambili kapena alibiletu, ndipo khansa ya khungu imatenga ambili a iwo mu Africa akali acicepele. Pa 13 June caka ciliconse dziko lonse limakumbukila za ufulu wawo, ndipo timalemba mau abwino pa intaneti. Koma mayeso eni-eni amacitikila mu basi. Ngati mnzathu wacialubino wapatsidwa mpando wa kudzuwa, ise amene tili kumthunzi tisinthane naye popanda kuyembekezela kuti apemphe. Akatseka katani, tisadandaule kuti tifuna kujambula mapili a ku Kacholola. Makondakitala nawonso angaphunzile kufunsa zimenezi pogawa mipando. Kwa ise ni kusamuka mpando cabe, kwa iye ni zilonda zimene zapewedwa.

Khungu limakumananso na zina kumene tikagona. Mphele zimayambukila mwa kukhudzana khungu kwa nthawi yaitali na kugona pa zofunda zimodzi. Zipele zimayenda na mataulo, zisakulo na makina ometela osatsukidwa. Conco nyamulani taulo yanu na citenge coyala pa bedi, ndipo yang'anani m'misoko ya matilesi ngati muli nsikidzi musanagone mu lodge. M'bafa ya anthu ambili valani mapatapata, ndipo pukutani bwino pakati pa zala za kumapazi musanavale sokosi. Cipele cikatuluka, musacipake kilimu ya steroid: kuyabwa kumaleka masiku ocepa, koma cipeleco cimafalikila. Ngati mwapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February, nthawi ya mvula, sitani zovala zonse zimene zayanikidwa panja, na zamkati zomwe. Nchenche ya putsi imaikila mazila pa zovala zonyowa, kamphutsi kake kamalowa m'khungu na kupanga cithupsa, koma kutentha kwa nsimbi kumapha mazilawo. A ku Siavonga akumbukile kuti tizilombo twa likodzo tumalowela pakhungu posamba m'madzi a m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Neti ya udzudzu nayonso ilowe m'cola, cifukwa kulumidwa kumodzi kungabweletse malungo.

Cina cimene timacidziwa tonse n'cakuti ambili, maka-maka akazi, samamwa madzi pa ulendo poopa kuti basi siidzaima, kapena kuti cimbudzi ca pa siteshoni n'colipilitsa ndiponso n'cauve. Amafika mutu ukuwawa, milomo itauma gwa. Apa ulesi si wa wokwela. Tikalipila tiketi ya ulendo wa maola ambili, tili na ufulu wopempha kuti basi ikhale na makatani athunthu, na kuti iziima pamalo amene pali cimbudzi caukhondo na madzi osamba m'manja. Tizinena zimenezi pogula tiketi, ndipo tiziuzana makampani amene amazicita bwino.

Acinyamata anzathu, ulendo wotsatila ikani m'cola cisote, citenge, malaya a manja aatali, taulo yanu, kabotolo ka Vaseline na madzi akumwa. Kilimu yoyeletsa isale. Ngati muli na cilonda cimene capitilila milungu ingapo osapola, kapena banga limene likukula, kusintha mtundu kapena kucoka magazi, musayembekezele kubwelela ku Lusaka, pitani ku cipatala ca kumene muliko. Akumudzi akuyembekezela mwana wawo mmene anamubalila, wakuda wake yemweyo, ali bwino.