Kapitao woopsa kwambiri ndi maso a anzako

Abale anga apantchito, lero ndilankhula za kapitao wina amene salandira malipiro ndipo alibe ofesi, koma amalamula m'mafakitale a ku Makata kuposa bwana aliyense. Kapitao ameneyu ndi funso lija timadzifunsa chamumtima lakuti, "Kodi anzanga andiona bwanji?"

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. M'zaka za m'ma 1980 ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, imene sindiitchula dzina. M'mamawa tinkatsika wapansi kuchokera ku Ndirande, tikudandaula monong'ona za kuchepa kwa malipiro. Tikangofika pa geti, aliyense ankavala nkhope ina ndi kuyamba "inde bwana, inde bwana".

Tsiku lina mnzanga amene tinkadya naye nsima m'mbale imodzi anafunsa kapitao chifukwa chimene ndalama za ovataimu sizinkaoneka pa malipiro athu. Anafunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja. Kapitao sanamuchotse ntchito ayi. Anangoti, tonse tikumva, "Achimwene, maganizo amenewa ndi ogalukira."

Basitu, mlandu unathera pomwepo. Masana ake munthu uja anadya yekha. Ine ndemwe ndinayamba kudzera njira ina popita kunyumba kuopa kuti angandione naye. Patatha miyezi yochepa anasiya ntchito yekha. Apolisi sanabwere, apayoniya sanabwere. Amene tinamuthamangitsa ndife anzake, anthu amene iye ankatifunsira ndalama zathu zomwe.

Achinyamata a lero mwina mungadabwe kuti liwu limodzi lingaphe bwanji munthu. Nthawi ya chipani chimodzi cha Malawi Congress Party tinaphunzitsidwa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Munthu wotchedwa wogalukira ankatha kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Mabungwe a apantchito anali m'thumba la chipani. Ngakhale kavalidwe kanali ndi lamulo lake la 1973, loletsa amayi kuvala mathalauzi. Boma silikanatha kuika kazitape pa makina alionse, ndipo panalibe chifukwa. Aliyense ankangoganiza kuti mnzake wapambali ndiye kazitapeyo, tonse n'kukhala chete.

Nanga chinasintha n'chiyani mu 1992? Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Ndipo sabata yoyamba ya Meyi, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, konkuno ku Makata, anazimitsa makina ndi kutuluka pa geti kufuna malipiro abwino. Sitalaka inafalikira ku makampani ena mu Blantyre ndi Limbe mpaka ku Lilongwe. Masitolo a PTC anaphwanyidwa, apolisi anaombera, ndipo anthu oposa 30 anataya miyoyo.

Kodi njala inayamba sabata imeneyo? Ayi ndithu, njala inali yakalekale. Chatsopano chinali chakuti munthu anatembenuka, kuyang'ana mnzake amene ankamuyesa kazitape, n'kupeza kuti nayenso wazimitsa makina. Maso omwe aja ankatimanga ndiwo anatimasula, chifukwa tsopano wamanyazi anali wotsalira m'kati. Patangotha chaka, pa 14 Juni 1993, a Malawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavotera nyali pa referendamu, matipate n'kubwera.

Tsono funso langa ndi ili: ngati magazi anakhetsedwa kuti wantchito alankhule, bwanji lero tikadali chete? Malamulo alipo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wolowa bungwe la apantchito ndi wolandira malipiro oyenera. Lamulo la ubale wa pantchito la 1996 limateteza mabungwe amenewa. Lamulo la ntchito la 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera. Khoti loona za milandu ya apantchito lili mu Blantyre momwemuno. Koma lamulo limagwira ntchito munthu akatsegula pakamwa, ndipo pakamwapo tikutsekana tokhatokha.

Liwu loti wogalukira linapita, koma linasiya ana ake. Ukafunsa zovala zodzitetezera pa makina, akuti ndiwe wovuta. Ukatchula za yuniyoni, akuti ukufuna kutchuka. Mnyamata akalimbikira ntchito, akuti akudzigulira malo kwa bwana, ndiye amaphunzira kugwira mwaulesi kuti asadedwe. Mayi akakwezedwa pa udindo, miseche imafika ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa iye asanaweruke, kuti akuyenda ndi bwana, mpaka amayi ena amakana udindo kuti ateteze mabanja awo. Munthu amaweruzidwa ndi dzina la kwao asanagwire n'komwe sipanala. Kodi imeneyi ndiyo demokalase tinaivotera ija?

Ena adzati, "Koma bambo, manyazi ndi abwino. Munthu wosaopa maso a anzake amaba ndi kujomba ku ntchito." Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Koma tandiuzani, bwanji maso athu amakhala akuthwa pa wofunsa za ovataimu, koma amachita khungu pa kapitao wolandira chiphuphu kwa aganyu pa geti? Bwanji timanyoza mayi wokwezedwa, n'kumaombera m'manja bwana wogwira atsikana m'chiuno? Vuto si manyazi ayi, koma kuti timachititsa manyazi munthu wolakwika.

Kwa inu mabwana ndi akapitao ndikuti, musasangalale ndi chete wa antchito anu. Mabwana a mu Epulo 1992 nawonso ankayesa kuti zonse zili bwino. Wantchito woopa kunenedwa sadzakuuzani kuti makina akutha, kapena kuti katundu akubedwa. Mudzamva tsiku limene chala cha munthu chaduka.

Kwa inu anzanga a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri ndikuti, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindikukupemphani kuti muchite sitalaka. Ndikupempha chinthu chaching'ono chimene ine ndinalephera. Mnzanu akafunsa funso loyenera ndipo kapitao wamupatsa dzina, masana ake tengani mbale yanu mukakhale naye pamodzi, onse akuona. Mukakhala awiri, dzina lija limayamba kupepuka. Mukakhala khumi, kapitao amakakamizika kuyankha funsolo.

Mnzanga uja sindinamuonenso. Ngati muli moyo achimwene, ndipo nyuzipepala ino yakufikani, dziwani kuti funso lanu linali loona, ndipo ife amene tinakusiyani kudya nokha ndife tinalakwa.