CHENJEZO: Kabuleta Yodontha Petulo Musaimate ndi Sopo

Eni maboti a injini, a njinga zamoto ndi a magalimoto akale a petulo kuno ku Chiwanga, ku Messumba mpaka ku Metangula: ngati kabuleta yanu ikudontha, zimitsani injini lero lomwe. Musadikire kuti mugulitse kaye usipa.

M'kati mwa kabuleta muli kambale kosungira petulo. Kakadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kasingano kotseka njira ya mafuta. Kasinganoko kakadyeka, kapena kamchenga kakatsakamira pamene kamatseka, petulo amangosefukira panja. Pa Land Rover zakale za Series, kabuleta imakhala pamwamba penipeni pa paipi yotulutsa utsi, chitsulo chimene chimatentha koopsa, ndiye dontho lililonse limagwera pamoto. M'boti zimaipa kuposa apa. Mpweya wa petulo ndi wolemera, suuluka msanga, umakhazikika pansi m'botimo pamene pali nyali ya parafini ndi ndudu za alovi.

Chimene chikudetsa nkhawa kwambiri ndi kakonzedwe kathu ka pansi pa mtengo. Wina amamata ming'alu ndi sopo kapena guluu, zomwe sizikhalitsa pa chitsulo chonjenjemera, ndipo zinyenyeswa zake zimakatseka jeti, kachipangizo kokhala ndi bowo laling'ono lodutsira petulo. Wina amatokosa jeti ndi waya. Jeti ndi yamkuwa wofewa, bowo lake likangokula pang'ono injini imayamba kumwa mafuta mopambanitsa, kufuka utsi wakuda ndi kudetsa mapulagi. Jeti yotsekeka nayo ndi yoopsa pa injini zosakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha Enduro: mafuta akachepa, oyilo nayenso amachepa, pisitoni imagwira. Zikachitika pakati pa nyanja, popita ku Cóbuè nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nkhafi ziwiri sizingakufikitseni kumtunda. Woyendetsa galimoto aganizirenso za injini kuzima pamtsetse wochokera ku Maniamba atanyamula anthu ndi katundu.

Ndipo inu achinyamata, lekani kuthira petulo pakamwa pa kabuleta pofuna kuliza injini. Ikatsokomola, lawi limatulukira kumaso kwanu. Kuyamwa paipi ndi pakamwa nakonso ayi, petulo akalowa m'mapapo amawononga.

Kasingano, fuloti ndi gasiketi zikatha, sinthani. Zikasowa ku Metangula, tumani munthu wopita ku Lichinga atatenga zakalezo m'manja kuti asagule zolakwika. Jeti muzitsuka ndi kupopera mphepo, osati waya. Petulo wa m'mabotolo muzimusefa pansalu yoyera, ndipo wotsalira pansi pa botolo musathire, poti madzi ndi zinyalala zimakhala pamenepo. Pokonza, chotsani waya wa batire, khalani panja, kutali ndi mbaula ndi ana.

Moto ukabuka musathire madzi, chifukwa petulo amayandama n'kuufalitsa. Tsekani mafuta ngati mungathe, kwirirani ndi mchenga kapena thumba lonyowa. Wopsa muthireni madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, kenaka thamangirani naye kuchipatala.