MAPIRITSI A MAGINIZIYAMU SATHAMANGITSA MUNTHU

M'mawa, dzuwa lisanatuluke, anyamata a ku Zambia Compound ndi ku Shikoswe amathamanga m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka. Ena akonzekera mpikisano wa mtunda wautali, ena alota zodzasewera mu Kafue Celtic. Pakati pao pafalikira mbiri yakuti mapiritsi a maginiziyamu apatsa mphamvu, aletsa minofu kukokana ndipo acotsa kutopa msanga. Mbiriyi ibwera pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma ndalama zogulira botololo kawirikawiri zicoka pa ndalama za ndiwo. Kwa mnyamata wathanzi amene adya bwino, ndalama zimenezi zingotayika.

N'zoona kuti maginiziyamu ndi umodzi wa micere yofunika m'thupi. Munthu wamkulu ali nayo pafupifupi magalamu 25, ndipo yoposa theka ikhala m'mafupa. Ithandiza minofu kukoka ndi kumasuka, ndiponso mtima kugunda bwino. Mwamuna afuna mamiligalamu 400 mpaka 420 patsiku, mkazi 310 mpaka 320. Koma thupi likapeza yokwanira, impso zitulutsa yotsala mu mkodzo. Ndowa ikadzala pa pompi, madzi ena onse angopita pansi.

Kafukufuku wa pa anthu amasewera aonetsa kuti amene mapiritsiwa angawathandize ndi okhawo amene maginiziyamu inali yopelewera kale m'thupi mwao. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku wonena za kukokana kwa minofu. Anapeza kuti kwa anthu okalamba mapiritsiwa sathandiza kwenikweni, ndipo sanapeze kafukufuku wodalirika ngakhale mmodzi woyesa mapiritsiwa pa kukokana kobwera ndi masewera.

Nanga n'ciani cikokanitsa miyendo ya wothamanga? Nthawi zambiri ndi kutopa kwa minofu imene yapatsidwa nchito yoposa imene inazolowera, makamaka pa kutentha kwa mu Okutobala. Thukuta licotsa madzi ndi mcere wa m'ndiwo kwambiri. Maginiziyamu imene ituluka ndi yocepa. Mankhwala ake ndi kuongola mwendo wokokanawo pang'onopang'ono, kumwa madzi okwanira, kugona bwino, ndi kuonjezera mtunda pang'ono sabata iliyonse.

Maginiziyamu yeniyeni ili pa msika wa Kafue. Nshawa zolemera magalamu 100 zili ndi mamiligalamu pafupifupi 170, ndipo nthanga za maungu zili ndi oposa 500. Ipezekanso mu nyemba, soya ndi ndiwo zamasamba monga bondwe ndi cibwabwa. Unga wa mgaiwa ndi wa roller meal uli nayo yambiri kuposa breakfast meal, cifukwa gaga ndi mtima wa cimanga, m'mene mukhala mcerewu, sizicotsedwa zonse. Nsima ya roller ndi cibwabwa cotendera zipatsa wothamanga maginiziyamu pamodzi ndi mphamvu yothamangira, imene piritsi lilibe.

Mapiritsiwa alinso ndi ngozi zake. Akaculuka atsegula m'mimba, ndipo wothamanga ataya madzi amene anafunika kusunga. N'cifukwa cake akatswiri a ku America anaika malire a mamiligalamu 350 patsiku ocokera m'mapiritsi. Kwa wodwala impso, maginiziyamu iunjikana m'magazi, ifooketsa minofu, ndipo ingathe kuimitsa mtima. Ikamwedwa nthawi imodzi ndi doxycycline kapena ciprofloxacin, iletsa mankhwalawo kulowa bwino m'magazi, ndipo matenda sapola.

Pali anthu amene maginiziyamu imawapelewera zoona: akumwa mowa kwambiri, otsegula m'mimba nthawi yaitali, odwala shuga, ndi akumwa mapiritsi ocotsa madzi m'thupi monga furosemide. Awa afunika kuonedwa ku cipatala, kumene maginiziyamu ndi mankhwala olemekezeka: jekeseni wa magnesium sulphate apulumutsa amai apakati ogwidwa ndi matenda okomoka a eclampsia. Kumeneko apereka moyeza, kwa munthu wopimidwa.

Motero makolo asacite manyazi kukana ndalama za botolo. Agule nshawa ndi nyemba, banja lonse lidye. Koma mnyamata amene akokana minofu kawirikawiri, amene mtima umgunda mosalongosoka, kapena amene atulutsa mkodzo wakuda ngati tiyi atathamanga, apite msanga ku kiliniki kapena ku Kafue General Hospital akapimidwe.